Makilo Anayi a Lombe

Chibesa ankagulitsa chikanda pa depoti ya mabasi ku Wusakile, ndipo sankasekerera munthu wongoima pabeseni osagula. Tsiku limenelo panaima mnyamata wa mapewa otakata ndi mphuno yophwatalala. Ananunkhiza, n'kumeza malovu.

"Mugula, kapena mukunditchingira makasitomala?"

"Ndikungodyetsa maso, chiphadzuwa. Loweruka ndikwera sikelo. Ngakhale madzi ndikumwa ndi supuni."

Chibesa anamuyang'ananso. Mawu amenewo anakula akuwamva m'nyumba mwawo.

"Ndinu wankhonya?"

"Lombe, mphezi ya mu Kitwe muno. Nanga nyenyezi ikundithobwa m'masoyi ndi ya kwa yani?"

"Kwa Ba Kangwa."

"Ba Kangwa ake ati? Njanji?" Mnyamata uja anavula chipewa.

Ndani ku Kitwe sadziwa Njanji? Masana ankaboola miyala pansi pa mgodi, madzulo n'kumaboola nthiti za anzawo. Zaka khumi ndi zinayi ali m'zingwe! Anamenya ku Ndola, ku Bulawayo, ku Lubumbashi. Anagwetsedwa kawiri kokha, ndipo kawiri konseko anadzuka woimbira asanafike pa faifi. Sikelo sinawatsutsepo ndi tsiku limodzi. Lero dzanja limanjenjemera, tiyi amatayikira pa malaya, lamba anapita ndi amene anawalanda. Chinatsala ndi mkanjo wofiira wolowera m'bwalo, kumsana kwake dzina loti NJANJI losokedwa ndi manja a akazi awo, Bana Chibesa.

Sabata isanathe foni ya Chibesa inasiya kupuma ndi mauthenga a Lombe.

"Nyenyezi yanga, wadzuka? Ndathamanga mpaka ku Chamboli ndikutchula dzina lako."

"Ulemu wanga, nkhonya za amuna anzanga sizindigwetsa, koma iwe ukamwetulira mawondo amalefuka."

"Ndikangotenga lamba, ndidzamuvula m'chiuno mwanga n'kumanga m'chiuno mwako. Ndalumbira!"

Mtima wa mtsikana ndi mwala kodi? Chibesa anagwa osakankhidwa.

Lombe anayamba kufika pakhomo Lamulungu lililonse. Ankagwada popereka moni, n'kukhala pansi kumamvera Ba Kangwa akufotokoza za nkhonya ya ku Lubumbashi, ija anamaliza ndi diso limodzi lotseka. Madala aja ankadzuka n'kumamuonetsa kaponyedwe ka dzanja lamanzere, nkhope ili ngwee ngati abwerera ku unyamata.

Bana Chibesa okha ndi amene sanasungunuke.

"Mwana iwe, ameneyu akufunsira iwe kapena atate ako?"

"Amayi, inunso!"

"Ndafunsa. Pakamwa pozuna chonchi sipakhala ndi mwini mmodzi."

Itayandikira nkhonya yolimbirana lamba, Lombe anapempha mkanjo uja. Akuti akalowa nawo m'bwalo, anthu akale onse adzaima kumbali yake. Ba Kangwa anavomera asanamalize n'komwe kupempha.

"Iyayi," anatero Bana Chibesa, atakhalira sutikesi. "Ndinabayidwa ndi singano zala zonsezi. Mkanjowu umavalidwa ndi wa m'nyumba muno. Akuluakulu ako ali kuti? Mbale yofunsira mbeta ili kuti?"

"Amayi, nkhonya ikangotha abwera."

"Ndiye mkanjo udzatengenso ikangotha."

Amene anagwada n'kulira anali Chibesa. Anawagwira amayi ake miyendo mpaka anasuntha pa sutikesi paja.

Kenako Lombe analowa mu kampu yokonzekera nkhonya. Milungu isanu ndi umodzi, osaonana ndi mkazi, osalankhula pa foni, uthenga umodzi wokha patsiku. Amati mkazi amafoola miyendo ya wankhonya. Chibesa sanatsutse. Akanatsutsa bwanji? Iye mwini anabadwa atate ake ali mu kampu, ndipo iwo anadzamuona ali ndi milungu itatu. Amayi ake ankaima pageti pa kampu ndi khanda kumsana, n'kubwerera osalonjeredwa. Chikondi cha wankhonya n'chotero, anadziuza choncho.

"Mtima wanga, njala yandipha. Lero dzira limodzi basi. Ndikupirira chifukwa cha iwe."

Chibesa atawerenga, nayenso anakana chakudya chamasana. Adye bwanji mnzake akuvutika?

Tsiku la sikelo linafika. Holo inadzaza: atolankhani, anyamata a m'mabwalo, madala akale a nkhonya. Ba Kangwa atalowa atagwira mkono wa mwana wawo, anthu anaimirira. "Njanji! Njanji!"

Lombe anatulukira atavala mkanjo wofiira. Chibesa anamwetulira monyadira. Koma atate ake anamufinya dzanja.

"Masaya awo," ananong'ona. "Munthu wochokera mu kampu masaya amalowa."

Lombe anakoleka mkanjo paphewa la kochi wake n'kukwera sikelo. Mkulu woyeza anawerama, anapukuta magalasi, anaweramanso.

"Wapyola ndi makilo anayi!"

Holo yonse inati phokoso! Lombe anavula nsapato, anavula wotchi. Sikelo sinasinthe maganizo.

"Kochi, mwamudyetsa chiyani mu kampu?" anakuwa munthu wina.

"Kampu yake iti? Ine ndamuona dzana!"

Apo ndi pamene kumbuyo kunamveka nthungululu. Amayi asanu ovala zitenje zofanana anali akuvina, osadziwa kuti makilo anayi ndi tsoka. Wamkulu wawo anadziguguda pachifuwa.

"Ndife a ku Chingola ife, sitiweta mkamwini wowonda! Loweruka lija tinamusenzera chilanga mulilo, miphika makumi atatu. Nkhuku, nsomba zouma, ifisashi, chikanda, munkoyo mgolo wathunthu. Zotsala wadya sabata yonse!"

Chilanga mulilo! Chakudya chimene akuchikazi amaperekera mwamuna ukwati ukatsala pang'ono! Chibesa anakumbukira uthenga uja. Dzira limodzi lija? Njala ija anagona nayo iye?

Misozi inafika, koma anaikaniza pakhomo. Anadutsa pakati pa atolankhani mpaka pa sikelo.

"Nyenyezi yanga, usamvere za anthu, ndikufotokozera..."

"Nyenyezi ndi amako. Tsika apo, ukuiswa sikelo ya eni."

"Chibesa, ndi makolo anandikakamiza. Mtima wanga uli kwa iwe."

"Mtima uli kwa ine, mimba ili ku Chingola? Anakukakamizanso kunyambita miphika makumi atatu?"

Anthu anafa nacho chiseko. Chibesa anatsomphola mkanjo paphewa la kochi uja, anaukutumula ngati muli nsikidzi, n'kutembenukira amayi a zitenje aja.

"Amayi, mtengeni wanuyo, mwamunenepetsa nokha. Koma mwana wanu mukamuuze kuti mwamunayu akati ali mu kampu, azikayang'ana pageti."

Kenako anawaveka atate ake mkanjo uja pamaso pa onse. Unali utawakulira m'mapewa. Madala akale anayambanso, "Njanji! Njanji!" ndipo Lombe anatulukira khomo lakumbuyo nsapato zili m'manja.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Chibesa anakhala pamwala, analira mpaka phewa kugwedezeka. Ankamukonda ndithu, galu ameneyo!

Ba Kangwa anaima pambali pake osamugwira.

"Amayi ako anaona, ine ndinatseka maso. Ndinkamva kukoma kutchedwanso Njanji. Ndikhululukire, mwanangu." Anakweza dzanja lawo lonjenjemera lija m'mwamba ngati woimbira. "Tsono wagwa. Ndiwerenge?"

Chibesa anapukuta mphuno ndi chitenje.

"Werengani, atate."

"Wani... Thuu..."

Asanafike pa fili, mwana wa Njanji anali ataima.