Kamunthu Kofiira ka M'phanga

Dzina langa ndine Fanuel. Kwa zaka zinayi ndakhala woyang'anira phanga la zojambula zakale kuphiri la kwathu, kuseri kwa Kamwendo. Malamulo a komiti ya mudzi ndimawadziwa pamtima: osagwira mwala, osakoleza moto, osathira madzi. Lomalizali ndi limene ndinkaswa.

Musafulumire kundiweruza. Alendo ankakwera phiri thukuta lili kamukamu, n'kupeza zojambula zosaoneka bwino. Nkhope zinkagwa. Ndiye ndinkawaza madzi a m'botolo pamwalapo, utoto wofiira n'kuwala ngati wadzulo. Alendo ankajambula ndi mafoni uku akunditama, ine mutu n'kukula. Chomwe ankakonda kwambiri chinali kamunthu kofiira, kotalika ngati chikhatho, kokweza manja m'mwamba. Akuti amene anakajambula ndi Akafula, anthu aafupi omwe ankakhala kuno makolo athu asanabwere.

Madzi aja ankadya utoto. Pofika Okutobala kamunthuko kanatsala manja okha.

Lachinayi lina madzulo, ndikumwa tiyi pakhonde, mkazi wanga Anasi anafika ndi uthenga.

"Bambo a Yamikani, a komiti akuti mawa kukubwera akuluakulu oona za zinthu zakale. Abwera ndi zithunzi zoyamba za phangalo kuti adzafananitse."

Tiyi anasanduka wowawa. Ndinadziwa kuti ntchito yandithera. Ndinasakaniza dothi la katondo ndi mafuta ophikira m'kachitini, n'kutenga nthenga ya nkhuku ndi tochi. Ndinati ndikakajambulenso, adziwa ndani?

Ndinafika dzuwa litangolowa. Phiri linali zii. Ngakhale anyani aphokoso aja sanatsokomole. M'phanga munkamveka fungo la chinyezi, chonsecho mvula inaleka mu Epulo. Ndinaunika pansi. Panali mapazi onyowa, aafupi koma otambalala. Ankayambira pamwala penipeni.

Ndinatenga nthenga kuti ndiviike m'chitini.

"Mwandionera pati?"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga, cha m'munsi. Anali mawu a munthu wamkulu, osasa. Ndinatembenuka. Tochi inaunika munthu wondilekeza m'chiuno. Madzi ankadontha m'zigongono mwake. Manja ankaoneka bwinobwino, koma nkhope inali mbuu, ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri.

Aliyense kwathu amadziwa yankho lake. Akafula sankafuna kuonedwa ngati aafupi. Akakufunsa, unkayenera kunena kuti wawaonera kutali, apo ayi mkondo.

"Nda... ndakuonerani kutali, agogo. Kutali zedi."

Dontho linagwa pansi. Kenako lina.

"Bodza," anatero. "Kale ankandionera m'munsi mwa phiri. Lero uli pomwepa koma sukundiona. Wakhala akundisambitsa ndani?"

 Ndinafuna kunamizira mvula, ana asukulu, aliyense. Koma mantha anandiululitsa.

"Ndine."

Kadzanja kozizira kanasolola botolo langa la madzi m'thumba. Ndinamva chitsekero chikutseguka. Anandiwaza kumaso katatu, monga momwe ine ndinkachitira pamwala. Tochi inazima. Ndinakuwa, koma mawu sanatuluke.

Kutacha ndinali nditakhala pakhomo pa phanga, malaya ali chinyowere. Ndinaona a komiti ndi akuluakulu aja akukwera. Ndinawakodola. Palibe anayankha. Mayi Esitele, apampando, anatsala pang'ono kundiponda.

"Mayo ine! A Fanuel, mwatulukira kuti?"

Tinalowa. Kamunthu kanali pamalo pake, kathunthu, kofiira psuu, chimodzimodzi ndi pazithunzi zoyamba. Katondo wanga anali m'chitini wosakhudzidwa. Akuluakulu aja anandigwira chanza, ati phanga ndikulisamala bwino. Ntchito ndinakhala nayo, koma sindinakondwe ngakhale pang'ono.

Chiyambire tsiku limenelo anthu sandionera kutali. Akabaza a pa Kamwendo atsala pang'ono kundigunda kawiri masanasana. Alendo akandijambula pafupi ndi mwala, kamunthu kamatuluka bwino, ine ndimaoneka ngati utsi. M'mudzi akunong'onezana kuti ndinatemera mankhwala obisalira. Ndimangowasiya, chifukwa zoona zake n'zoopsa kuposa pamenepo.

Ndazindikira kuti ndikasamba zimaipiraipira. Dzulo Anasi anasesa khonde lonse ine ndili pampando. Atamaliza anaima n'kumayang'ana kumsewu, kundidikira.

Kusamba ndasiya. Koma Novembala wafika, ndipo cha ku Zambia mitambo yayamba kuda.