Nsapato Zobwereka za Kumathithi

Anakumana pa shopu yosokera zovala. Mnyamata wogulitsa mafoni anabwera ndi buluku loti afupikitse, koma maso ake anali pa telala.

"Manja okongola chonchi mukuwazunza ndi singano?"

Telala anaseka. Kalanga ine, kuseka komweko ndi kumene kunamupweteketsa!

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Uchi wanga, mphete ndidzakuveka kumathithi, pamwamba pa phiri, malo amene sindinapondeko chibadwire." Mtsikana wake uti sangatseke shopu atamva zotere?

Katauni ka m'tsinde mwa phirilo komwe anafikira kanali ka msewu umodzi, chifunga chili tolo. Pachipata cha nkhalango panali kanyumba kobwereketsa nsapato zokwerera phiri. Bambo wina anawapatsa nsapato ndi ndodo, ulendo unayambika.

Koma abale, phiri limenelo! Matope, minga, linthumbu m'miyendo.

"Tatsala pang'ono, nyenyezi yanga."

"Pang'ono wakoyo anayamba m'mawa! Ukufuna mkazi kapena mtembo?"

Atafika, mnyamata anagwada pathanthwe. Madzi anali kulindima moti telala ankangoona milomo ikugwedezeka, osamva ngakhale liwu limodzi. Koma mphete anaiona.

"Eya!" anakuwa, misozi ili chuchuchu. Matuza onse anaiwalika.

Potsika anapeza bambo uja atachoka, pakanyumba pali akazi awo. Mayiwo atangomuona mnyamatayo anawomba m'manja.

"Aaa, achimwene, mwabweranso? Akazi anu ali bwanji? Mmene anatererekera mwezi watha ndi pakati paja, ine mtima unali m'malere!"

Mnyamata anatsokomola. "Mayi, mwandifananiza ndi wina."

"Inuyo? Si munawabereka kumsana mpaka pano inu?" Kenako anatembenukira kwa telala akumwetulira. "Inu ndinu alamu awo eti? Phazi ndi limodzi ndithu. Nsapato mwavalazi ndi zomwe anavala akulu anu."

Telala anayang'ana kumapazi kwake. Tsiku lonse wakhala akukwera phiri m'nsapato za mkazi wa mwini! Anamasula zingwe, navula mphete n'kuiponya m'nsapato yamatopeyo.

"Uchi wanga, dikira ndikufotokozere…"

"Uchi ndi agogo ako! Mkazi ali ndi pakati kunyumba, iwe ukugwada pamiyala? Ulibe manyazi?"

Anathamangira pokwerera basi, ali tsimphinetsimphine. Kondakitala anamuuza kuti basi yotsika ndi imodzi yokha, ndipo mipando yatsala iwiri yoyandikana, kumbuyo.

Atacheuka anaona mnyamata uja akubwera, thukuta lili kamukamu, dzanja lili pamtima.

"Achimwene," anatero telala kwa kondakitala, "ndikhazikeni pakati pa matumba a katundu, ngakhale pansi. Koma bambo akubwerawo apatseni mipando yonse iwiri. Wina ndi wa akazi awo."