Malo a Walleye Sauzidwa Mlendo

Anakumana Lachisanu pa 12 Meyi, tsiku loti mawa lake nyengo yowedza nsomba zotchedwa walleye itsegulidwa. M'sitolo ya nyambo ya bambo Eino Rautio, kumpoto kwa dera la Minnesota ku America, anthu anadzaza mpaka pakhomo. Mwana wawo, Marit, ndiye ankavuula misundu m'thanki n'kumagulitsa.

Mnyamata wina wamtali anafika pakauntala.

"Ndipatseni nyambo imene nsomba za kuno sizikana."

"Nsomba sizikana nyambo," anatero Marit. "Zimakana munthu wa m'tauni."

"Mwadziwa bwanji kuti ndine wa m'tauni?"

"Kapepala ka mtengo kakulendewerabe pachipewa chanucho."

Sitolo yonse inafa nacho chiseko, iyenso anaseka nawo. Anali Colby Dressen wa ku Minneapolis. Anali atachita lendi kanyumba kamatabwa m'mbali mwa nyanja ya Sorvari, ndipo ankabwera Lachisanu lililonse, kubwerera Lamlungu.

Nyambo ankagula yambiri, koma walleye osagwira ngakhale imodzi. Zake zinali bass zokhazokha.

"Bass ndi nsomba ya ana," Marit ankamuseka. "Ngakhale batani la malaya imameza."

"Ndiphunzitseni za akuluakuluzo, aphunzitsi."

Pofika Juni, "inu" anali atasanduka "iwe". Foni ya Marit sinkapuma ndi mauthenga a Colby.

"Nyenyezi yanga, ndili pakhonde ndikukazinga nsomba, koma mpando winawu uli wopanda munthu. Bwera!"

"Wapamtima, mlungu uno ukutalika dala. Lachisanu likafika ndithamangira kwa iwe ndisanatsitse chikwama."

Marit sanali mtsikana wotengeka ndi mawu. Koma ndani angaume mtima pamene mwamuna akukupalira mamba a nsomba, kwinaku akukuuza kuti maso ako amamusowetsa tulo?

Ku Sorvari munthu akhoza kukubwereka bwato, galimoto, ngakhale mfuti, koma malo ake a walleye sangakuuze. Ukamufunsa kuti wagwira kuti, amayankha kuti, "M'madzi." A Rautio anali ndi malo awo: mulu wa miyala pansi pa madzi, pakati pa nyanja, wosaoneka pamapu alionse. Unkaupeza pokhapokha mtengo wa paini wong'ambika utalunjikana ndi denga la tchalitchi. Ankauzidwa a m'banjamo okha.

Colby anamva mphekesera za malowo kwa makasitomala.

"Kodi ine ndine mlendo mpaka liti?" anafunsa madzulo ena, atagwira dzanja la Marit.

"Mpaka ukhale wa m'banja."

"Nanga sindiye kumene tikupita? Masamba akamayoyoka chaka chino, mphete idzakhala pachala ichi. Ndikulumbira!"

Loweruka pa 24 Juni, atatseka sitolo, Marit anamukweza m'bwato.

"Zimitsa foni."

"Ndazimitsa kale, mayi," anatero, n'kuiponya m'thumba.

Ataponya nangula pamiyalapo, ndodo ya Colby inapindika nthawi yomweyo. Inali walleye yonenepa, yagolide m'nthiti. Anakuwa ngati mwana, n'kumupsompsona Marit mpaka bwato kutsala pang'ono kutembenuka.

"Malo ano ndi a iwe ndi ine," anatero. "Ndikauza munthu, mbedza indikole lilime!"

Marit sanawauze bambo ake.

Mlungu wotsatira kunabwera uthenga: "Duwa langa, akunditumiza ku Chicago pantchito milungu itatu. Ndidzafa ndi kukusowa." Marit anakhulupirira. Akanakayikira chiyani?

Chaka chilichonse pa 12 Julayi, tsiku limene malemu mayi ake anabadwa, Marit ndi bambo ake ankatseka sitolo m'mawa n'kupita kumiyala kuja awiriwiri. Chaka chimenecho tsikulo linali Lachitatu. Anatenga khofi, masangweji ndi misundu, n'kuliza injini.

Atangodutsa kachilumba, bambo Eino anachepetsa liwiro.

Pamiyala paja panali mabwato anayi!

Anthu ankamwa mowa, wailesi ikuimba, wina akujambula nsomba. Bambo Eino anangoyendetsa bwato pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi lofiira, limene Marit ankalidziwa bwino kuti ndi la Colby. Colby anali chakumbuyo, akukola nyambo. Kutsogolo kunakhala mayi wina wachimwemwe, wovala chipewa chachikulu, mphete ikung'anima pachala.

"Zikuluma?" anafunsa bambo Eino, monga amafunsira aliyense panyanja.

"Kwambiri!" anayankha mayiyo. "Mwamuna wangayu ndiye anawatulukira malo ano. Anawasunga pafoni, n'kutumizira anzake a kuntchito awa. Akuti anavutika mwezi wathunthu kuwafufuza yekha."

Colby anadzutsa mutu. Msundu unamugwa m'manja.

"Marit... aa... Janelle, awa ndi a kusitolo ya nyambo."

Marit anamuyang'ana Colby m'maso.

"Mwabwerako liti ku Chicago, bambo Dressen?"

"Chicago?" anadabwa Janelle. "Tili kuno kuyambira Loweruka."

"Mayi, ine ndine Marit Rautio. Malo ano sanawatulukire iye. Ndinamubweretsa ndine, pa 24 Juni, atandilonjeza mphete. Sindinkadziwa kuti ina anaipereka kale. Mauthenga ake onse ndili nawo. Mukawafuna, sitolo ili pamsewu waukulu."

"Colby?"

"Wokondedwa, tamvera, mtsikanayu sanandimvetse..."

"Wokondedwa uti?" anafunsa Janelle. "Tilipo awiri pano."

M'bwato lina munthu anazimitsa wailesi. Janelle anavula chipewa, n'kumuyang'ana Marit nthawi yaitali.

"Sitoloyo mumatseka nthawi yanji?"

"Sikisi koloko."

"Ndibwera. Colby, kweza nangula."

Bambo Eino anatembenuza bwato. Anapita kutali ndithu, kugombe la mabango kumene kumawedza ana, n'kuzimitsa injini. Apo m'pamene Marit anagwetsa misozi.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndataya malo a amayi."

"Atayika ndithu," anatero mkuluyo. Sankadziwa kunama. "Pofika Loweruka mabwato adzakhala makumi awiri."

"Mundikalipire, chonde. Kufatsa kwanuko ndiye kukundipweteka."

Bambo Eino anatsegula fulasiki, n'kumuthirira khofi m'chivundikiro.

"Ukudziwa kuti mayi ako anandisonyeza liti miyala ija? Titatha zaka zitatu m'banja. Zitatu, mwana wanga! Ndinanyengerera, ndinakwiya, ndinamugulira injini yatsopano. Iye n'kumangoti, 'Eino, ndikukuonabe.'"

Marit anaseka misozi ili m'masaya.

Foni yake inalira. "Nyenyezi yanga, usandiweruze usanandimve. Iwe ndiye weniweni. Tikumane pakanyumba."

Anawerenga kamodzi, n'kulemba: "Nyambo muzikagula kwina." Kenaka anatseka nambalayo.

Anakola msundu pambedza, n'kuponya m'mphepete mwa mabango. Posakhalitsa chingwe chinakokeka. Bambo ake anasuzumira m'madzi, n'kuona kuti ndi bass, n'kupukusa mutu.

"Chaka chino tidya zimenezi," anatero. "Koka, mwana wanga, usaitaye."