Mabiringanya a Alamu

Mzime anakhala pampando wake manja ali pakati pa mawondo, maso ali pa mbale yaikulu yovundikira ndi nsalu yoyera imene inali pakati pa tebulo. Mbaleyo anabwera nayo ndi alamu ake, koma amene anayambitsa zonse anali iyeyo.

M'nyumba mwawo Khirisimasi inali ndi lamulo lake losalembedwa. Amayi ankaotcha nkhuku imodzi yonenepa mu uvuni, n'kuphika mpunga ndi mbatatesi. Wodula nkhukuyo anali bambo, ndipo chiwalo chilichonse chinali ndi mwini wake. Ntchafu imodzi inali ya achimwene. Inayo inali ya Mzime, mwana womaliza m'banjamo, mtsikana woti akanatha kugawana nawe chilichonse pansi pano kupatula ntchafu yakeyo.

Tsono chaka chimenecho achimwene anakwatira. Nkhuku, inenepe bwanji, miyendo yake ndi iwiri basi. Mzime ankadziwa bwino mmene zimakhalira: mlendo amapatsidwa zabwino, ndipo wolandidwa amakhala wamng'ono. Nkhaniyi inamusowetsa mtendere mwezi wonse.

Mwayi unapezeka pamene alamuwo anaimba foni kutatsala masiku ochepa.

"Mzime, tandiuza, kwanuko amakonda chiyani? Sindikufuna kubwera chimanjamanja."

"Ife nkhuku inatikola, alamu," anayankha Mzime mosaphethira n'komwe. "Aliyense akungolakalaka mabiringanya."

Nzeru yake inali yakuti munthu akabwera ndi chakudya chake, amadya chakecho n'kusiya nkhuku ya eni. Koma zoona zake zinali zakuti m'nyumbamo munalibe ndi mmodzi yemwe wokonda mabiringanya. Bambo ankati ukamawadya zimakhala ngati ukutafuna chiguduli chonyowa.

Tsikulo, onse atamaliza kupemphera, alamu anaimirira n'kuvundukula mbale ija akumwetulira mwamanyazi. Anali atadula mabiringanyawo mopyapyala, n'kuwasanja bwinobwino ndi tomato, pamwamba n'kuwazapo tchizi chimene chinapsa mpaka kufiira. Kafungo kake kanali kabwino ndithu. Pachala chawo panali pulasitala, chizindikiro chakuti mpeni sunawachitire chifundo m'mawa umenewo.

Woyamba kuyankhula anali azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Kodi Khirisimasi ya masiku ano ikumabwera ndi zam'dimba? Kapena kwanuko nkhuku zinatha?"

"Ndinamva kuti mumawakonda, azakhali," anatero alamu motsitsa mawu.

"Munamva kwa yani?"

Mzime anaweramitsa mutu. Alamu anamuyang'ana kamodzi kokha, kenaka anabweza maso pa mbale yawo.

"Mwina ndine ndinamva molakwa," anatero, n'kukhala pansi.

Bambo anatsokomola pang'ono n'kutenga mpeni. Anadula ntchafu yoyamba n'kupatsa achimwene. Yachiwiri anaiika m'mbale ya Mzime monga mwa masiku onse, osaganiza n'kawiri komwe. Kenaka anatembenukira kwa mkazi wa mwana wawo.

"Apongozi, inu ndikudulireni pati? Nyama ya pachifuwayi ndi yofewa."

"Musavutike, bambo," analowererapo achimwene. "Awa nkhuku sadya. Imawatulutsa zidzolo thupi lonse, kuyambira ali mwana."

Mzime anayang'ana ntchafu yake. Inali yonona, khungu lake louma bwino mmene iye ankakondera, ndipo panalibe munthu amene anaganizapo zomulanda. Mwezi wonse uja ankalimbana ndi mdani amene kunalibe.

Anthu anayamba kudya. Mpunga unazungulira, mbatatesi zinazungulira, koma mbale ya mabiringanya inangokhala pamalo pake. Achimwene anatapako pang'ono pofuna kusangalatsa mkazi wawo. Alamu ankadya pang'onopang'ono, nkhope itagwa, kwinaku akuyesetsa kumwetulira aliyense akawayang'ana. Mzime zinamupweteka kwambiri. Chimene chinamupweteka koposa chinali chakuti munthuyo akanatha kumuulula ndi liwu limodzi, koma anasankha kusenza yekha manyazi.

Mzime anaika foloko pansi.

"Alamu sanamve molakwa," anatero. "Ndinawauza ndine. Ndinati tonse nkhuku inatikola, tikufuna mabiringanya."

"Chifukwa chiyani, iwe mwana?" anafunsa amayi.

"Ndimaopa kuti mupereka ntchafu yanga kwa iwo."

Achimwene anaseka mpaka mpunga unawatsamwa. Bambo anapukusa mutu, koma ndevu zawo zinkagwedera ndi phwete. Azakhali okha ndi amene anachita tsinya.

"Ndiye wandichititsa kunyoza mwana wa eni ake popanda mlandu? Pepani, mayi. Tabweretsani kuno mbaleyo."

Anatapa kachidutswa, n'kutafuna nthawi yaitali ngati woweruza milandu.

"Mchere wachepa," anatero, uku akutapanso kachiwiri.

Bambo nawo analawa chifukwa cha ulemu. Anameza movutikira n'kumwera madzi.

"Apongozi, sindikunamizani, ine ndi mabiringanya tinadana kalekale. Koma chapamwambachi ndiye mundisiyire." Atatero anayamba kupala tchizi chofiira chija ndi supuni, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo alamu anaseka kuchokera pansi pa mtima.

Mzime anamasuka poganiza kuti mlandu watha. Anatambasula dzanja kuti anyamule ntchafu yake, koma foloko ya amayi inafika msanga.

"Paja iwe nkhuku inakukola," anatero amayi modekha. Ananyamula ntchafuyo n'kuiika m'mbale ya azakhali, amene sanataye nthawi ndi kukana kwaulemu.

Mzime anabweza dzanja lake. Anangoonerera azakhali akukukuta mpaka fupa linayera. Misozi inalengeza m'maso mwake, komabe pamtima panali popepuka kuposa mmene panalili m'mawa.

Alamu anasendeza mpando wawo pafupi naye n'kumutapira mabiringanya, akusankha pamene bambo anali asanapale.

"Idya, mlamu wanga," anamunong'oneza. "Unaitanitsa wekha."

Mzime anatseka maso n'kuika foloko m'kamwa. Sanali ntchafu ayi, koma sanalinso chiguduli.

"Chala chija chikupweteka?" anafunsa chapansipansi.

"Pang'ono."

"Ndiye mbale zonse nditsuka ine," anatero Mzime, n'kukankhira mbale yake kwa alamu kuti amuonjezere.