Namfuko Aphunzira Kuiwala

Namfuko anatsetsereka m'munda mwa aChidzanja dzuwa litangotuluka, anthu a m'mudzi wa Nsanjiko ali ndandanda m'malire. Namfukoyu anali makina aatali ngati ngolo ziwiri zolumikiza, oyendera mphamvu ya dzuwa, opanda dalaivala. Kunsi kwa mimba yake kunkatuluka timaloboti tosaposa chibakera, timene anthu ankati tiana ta Namfuko. Timeneti tinkaboola nthaka n'kumasaka mtedza uliwonse, ngakhale wothothokera pansi. Pamwamba manja achitsulo ankazula, kukutumula dothi, kuthothola ndi kusoka matumba. Ntchito imene kale inkathyola misana ya banja lonse, Namfuko ankaimaliza mame asanaume.

"Palibe katsale ngakhale kamodzi!" anafuula aChidzanja, wapampando wa kalabu ya alimi, akupeta dothi ndi zala. "Taonani, anthuni, ngati wasesa ndi tsache!"

Anthu anaomba m'manja, azimayi n'kululutira. Wonyada kuposa onse anali Tinyade, mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anaphunzira za makina mumzinda. Iye ndiye ankasamalira Namfuko ndi kuyankhula ndi ubongo wake wa kompyuta. Ankagona kushedi ya kalabu, pafupi ndi msika, ndipo nyengo yokolola ikafika sankaoneka ngakhale pamaliro.

Kunyada kwake kunatha tsiku lina masana, akudutsa pamunda wokololedwa kale. Anapeza aNangondo, mayi wamasiye wolera adzukulu, akukumba nthaka yopanda kanthu. Dengu linali pambali, mbee.

"Mukufunanji, amayi?"

"Ndimati ndikunkhe," anayankha aNangondo osadzutsa mutu. "Koma chilombo chakochi chimanyambita, mwanawe. Ngakhale mbewa zasamuka."

Tinyade anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Kukunkha ankakudziwa bwino. Mwini munda akamaliza kukolola, aliyense anali ndi ufulu wolowa ndi khasu n'kutola zotsalira, popanda kupempha. Iye anakuiwala chifukwa pagalasi la kompyuta ya Namfuko sipankaoneka za khunkha, pankangooneka matumba.

Mtsikanayu sanali wogona ndi vuto. Atafika kushedi anauza makinawo kuti apeze nyumba zimene utsi sufuka kawirikawiri. Namfuko anali ndi maso ouluka, tindege tonga tombolombo toyang'anira minda, ndiye ntchitoyo inali yamasewera. M'mawa mwake kangolo kodziyendetsa kanatula thumba la mtedza wa kalabu pakhomo pa aNangondo, kakuliza belu lake mudzi wonse ukuona.

Dzuwa lisanafike paliwombo thumba lija linabwerera, lili pamutu pa aNangondo. Analigwetsa pamapazi pa Tinyade.

"Wandiyesa wopemphetsa?"

"Ayi, amayi, ndimafuna kuthandiza."

"Kuthandiza kwa belu? Tsopano ana a mudzi uno akuimba kuti kwa Nangondo kulibe moto." Mayiwo anamuyang'ana m'maso. "Tamvera. Ukuganiza kuti makolo ako sankadziwa kuzula mtedza? Ankadziwa. Ankasiya dala. Mwini munda amafulumira pamzere wina ngati watopa, osacheuka. Ife timabwera pambuyo, thukuta n'lathu, mtedza n'wathu. Iye sadziwa watola ndani, ine sindithokoza munthu. Tikakumana kuchitsime timapatsana moni ngati anthu."

Anatembenuka n'kumapita chimanjamanja, ndipo Tinyade anadziwa kuti kunyumbako adzukulu agonanso ndi njala.

Nkhaniyi anaitengera kwa aChidzanja. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Tinyade, sukulu yakuzunguza mutu? Tinabweretsa makina kuti tisamataye, lero ukuti tiwaphunzitse kutaya?"

"Si kutaya, bambo. Ndi kusiya."

"Kusiyira ndani? Tchula mayina tiwalembe."

"Mayina ndiwo sakufunika."

"Ndiye m'munda mwanga ayi. Ukapeze zitsiru zinzako."

Anakazipezadi. Anakwera njinga n'kuzungulira dera lonse, kuyambira Nsanjiko mpaka midzi ya kutsidya kwa dambo, khomo ndi khomo. Ena anamutsekera zitseko. Ena anamufunsa ngati makinawo awonongeka ndipo akufuna kubisa. Koma achikulire ambiri ankanena motsitsa mawu kuti, "Mayi anga ankatero. Kupatsa n'kuika. Kasiye m'mizere yakumapeto." Pamene minda yomaliza inkakhwima, eni ake oposa theka anali atavomera.

Wovuta kwambiri anali Namfuko mwini.

"Kusiya mtedza m'nthaka ndi kulakwitsa," anatero makinawo ndi mawu ake osalala. "Sindinapangidwe kuti ndizilakwitsa."

"Lero uphunzira," anayankha Tinyade, atatsegula chivindikiro cha ubongo wake.

"Ndisiye pati?"

"Pena ndi pena. Ngakhale iwe usadziwe."

"Zimene ndachita ndimazikumbukira zonse."

"Ndiye uziiwala. Ukatuluka m'munda, maso ako ouluka azibwerera kushedi. Usaone wolowa, usasunge nkhope ya munthu."

Timagetsi ta makinawo tinaphethira. "Ndikapanda kuona, ndidzadziwa bwanji kuti ndachita bwino?"

"Sudzadziwa. Ifenso sitidziwa."

Anthu amene anasuzumira pakhomo la shedi anachita mantha. Wina ananong'ona kuti makina ophunzira kuiwala mawa adzaiwala mwini wake. Tinyade anangopitiriza ntchito yake. Analimbana ndi ubongowo mpaka maso kufiira, pakuti nthawi iliyonse akaulamula kuti usiye, tiana tija tinkabwerera mwakachetechete kukatola zotsalazo. Ankatitsekera njira iyi, ito n'kupeza ina. Koma mtsikanayo anali ndi liuma loposa la chitsulo, ndipo pamapeto pake Namfuko anatuluka m'munda wina wa kudambo atasiya mtedza m'nthaka, osacheuka.

Tinyade analumbira kuti kumundako sapitako kukaona okunkha. Koma mtima wa munthu si makina. M'mawa mwake anadzera njira ya kudambo, akudzinamiza kuti akukaona mlatho. Ankangofuna kuona dengu la aNangondo lili ndi kanthu.

Analiona, litadzaza theka, mwini wake akuimba chapansipansi. Koma aNangondo sanali okha. Munda wonse unali wakuda ndi anthu. Munali azimayi a kutsidya, atsikana obereka ana, ngakhale azibambo amene pamsika ankayenda atapisira malaya. Maso ouluka aja anali atapeza nyumba zowerengeka chabe, chifukwa enawo ankasonkha moto n'kuwiritsa madzi okha, kuti anansi aone utsi.

Ndipo kumzere wakumapeto, atawerama ndi kakhasu kakugwa mano, anali mayi ake omubereka.

Tinyade anaimitsa njinga yake. Amayi akewo, aNasikelo, ndi amene pafoni ankamuyankha nthawi zonse kuti, "Tadya kale, mwanangu, gwira ntchito." Iye ankakhulupirira chifukwa kukhulupirira kunali kosavuta. Tsopano ankaona mikono yawo mmene yaondera, ndi chitenje chomangidwa kawiri m'chiuno. Anafuna kuthamanga, kuwalanda khasulo, kuwasenzera thumba lathunthu mpaka kunyumba.

ANasikelo anadzutsa mutu. Maso awo anakumana ndi a mwana wawo. Sanamwetulire, sanabise dengu. Anangomuyang'ana, kudikira kuti aone ngati waphunziradi.

Tinyade anagwira njinga yake zolimba.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anafuula ali pamsewu pomwepo, ngati wodutsa wamba. "Ndikukaona mlatho. Madzulo ndibwera kudzacheza."

"Tadzuka, mwanangu. Pita, dzuwa lingakutenthe."

Anapalasa njinga misozi ikuyenderera, osacheuka. Kuphunzitsa makina kutseka maso kunamutengera nyengo yathunthu, koma tsiku limenelo anazindikira kuti iye anali atatseka ake kalekale, pamalo pamene sankayenera kutseka.