Phazi Lopanda Nsapato ku Salledanda

Mtembo unagona chafufumimba m'munsi mwa masitepe a miyala, pamalo opumira achitatu a njira yokwera phiri la Salledanda. Linali Lachiwiri, 7:40 m'mawa, mwezi wa Sauni, pakati pa dzinja, mvula itangokata kumene. Inspekitala Tek Bahadur Rawal anafika ali wefuwefu. Anali atagwira upolisi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo mawondo anali atamutsazika kalekale. Nkhalango imeneyi, yomwe anthu a m'tauni amaitama ngati mankhwala a nthenda iliyonse, iye ankangoidziwa ngati malo otolako mitembo.

"Ndani?" anafunsa.

"A Madhusudan Pokhrel, bwana," anayankha Sajeni Sabitri Ghale, mayi wamfupi amene ankayenda naye pa milandu yonse. "Zaka 64. Wapampando wa gulu la okwera phiri m'mamawa. Awamenya kunkhongo ndi mwala uwo. Ndalama zili m'thumba, foni ilinso momwemo."

"Ndiye si wakuba."

"Ayi. Koma m'tchire umo tapeza chikwakwa ndi dengu la udzu wa mbuzi."

Rawal anagwada movutikira. Ndodo ya malemuyo inali pambali pawo, kunsonga kwake kuli kansalu komangamo mchere. Nyengo ya mvula ngakhale wamisala salowa m'nkhalango muno wopanda mchere. Misundu imagwa kuchokera m'masamba, imakwera m'miyendo, ndipo ukaikhudza ndi kansaluko imayoyoka yokha. Ukaizula ndi zala, bala limachucha magazi mpaka madzulo.

Pamwala wokhalapo panali misundu isanu ndi umodzi, yokhuta, yothyokathyoka. Wina anachita kuizula ndi manja. M'matope munali phazi lalikulu lopanda nsapato, zala zonse zisanu zikuoneka.

"Jambulani phazi ili, muliyezenso," anatero Rawal.

Pa 9:15 anakhala pansi ndi a Ratna Tuladhar, wogulitsa nsalu amene anapeza mtembowo, m'kanyumba ka tiyi ka pachipata. Bamboyo anagwira kapu ndi manja onse awiri.

"A Madhu ankalowa oyamba tsiku lililonse, 5:30 chipata chikangotsegulidwa," anafotokoza. "Ankakwera mpaka pamwamba, n'kuliza belu la pakachisi. Mvula, malungo, ukwati wa mwana wawo, sanajombepo. Lero likanakhala tsiku la 1,009."

"Ankachita kuwerenga?"

"Aa, bwana, Salledanda yense ankawerenga nawo! Munthu ukawapatsa moni ankakuyankha ndi nambala."

"Adani?"

"Azimayi omweta udzu aja. Amalowera pachiboo cha mpanda. A Madhu ankawajambula n'kukawaneneza kwa alonda. Sabata yatha wina, Sanumaya, anawalalatira pamaso pathu kuti tsiku lina phirili lidzawadya." A Tuladhar anapukuta kumaso. "Tikutha, bwana. Posachedwa pomwepa tataya aphunzitsi Lilanath Dhungana, pamalo omwewo. Iwo unali mtima."

Rawal analemba dzinalo pansi pa tsamba n'kulisiya. Anthu okalamba amafa ndi mtima tsiku ndi tsiku, ndipo apolisi sakwera phiri chifukwa cha zimenezo.

Pofika masana Sanumaya Syangtan anali kale m'chitokosi. Bwana wamkulu wa polisiyo sankakonda kuti mlandu wa munthu wotchuka ugone panja. Pa 2 koloko Rawal analowa m'chipinda chofunsiramo anthu, n'kupeza mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi zitatu atakhala kunsonga kwa benchi. Bulauzi yake inali itanyowa pachifuwa.

"Mwana ali ndi miyezi ingati?" anafunsa Sabitri motsitsa mawu.

"Isanu, achemwali. Ali ndi apongozi kumtunda. Akana kubwera naye, akuti khanda sililowa kupolisi. Chiyamwire mbandakucha."

"Amuna anu?"

"Ali kuntchito kunja, ku Katala. Mwanayu sanamuonepo."

Rawal anaika chikwakwa patebulo. "Chanu?"

"Changa, bwana."

"Munanena kuti phiri lidzawadya."

"Ndinanena. Anandilanditsa madengu awiri mwezi umodzi. Mbuzi zanga zidye zithunzi zawozo? Koma pakamwa si mwala, bwana."

"Nanga chikwakwa munachitayiranji?"

Sanumaya anayang'ana pansi. "Mundiseka ngati anzanu aja. Ndinaona mzukwa. Woyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mutu wopanda tsitsi, ukutsika m'nkhungu osamveka mgugu. Ndinataya zonse n'kuliyatsa liwiro."

"Onetsani miyendo."

Miyendo inali yopakidwa mchere ndi fodya, monga amachitira omweta udzu onse. Panalibe bala ngakhale limodzi. Phazi lake, m'patapata wakutha, linali laling'ono ngati la mwana wa sukulu.

Bwana wamkulu anamvetsera zonsezi akutokosa m'mano. "Rawal, wakalamba. Woyenda wopanda nsapato ndi mmphawi, ndipo amphawi m'nkhalango muja ndi omweta udzu. Ngati phazilo si lake, ndi la chibwenzi chake. Mawa 10 koloko apite kukhoti, akadikire mlandu kundende yaikulu."

"Bwana, ali ndi khanda."

"Ndibweretsere wina woti alowe m'malo mwake, atuluka lero lomwe. Mizukwa sitiimanga unyolo."

Rawal anatuluka mtima utalemera. Kwathu kuno wodikira mlandu amadikira zaka ziwiri, nthawi zina zitatu, ndipo akatuluka amapeza mwana akuyenda, akuitana wina kuti amayi. Anali ataziona kambirimbiri. Ena mwa anthu amenewo anawaperekeza yekha mpaka pachipata cha ndende, ndipo nkhope zawo sizinamuchoke.

Pa 3:30 anatsegula foni ya malemuyo. Munadzaza zithunzi za mitengo, za mitambo, za azimayi osenza madengu. Kenako panabwera chithunzi cha a Pokhrel ali pamwamba pa phiri, nkhata ya maluwa m'khosi, dzanja pachingwe cha belu, mano onse pamtunda. Kumbuyo kwawo anzawo ananyamula chinsalu cholembedwa 1,000. Nthawi inali 6:50 m'mawa, masiku asanu ndi anayi apitawo.

"Sajeni, aphunzitsi aja anamwalira liti?"

Sabitri anaimba foni pachipata, alonda n'kuyang'ana m'kaundula. "Tsiku lomwelo, bwana. Ndipo analowa limodzi ndi a Pokhrel, 5:32. Mayina awo ndi otsatizana."

Galu wamkota sakandira pachabe. Pa 4:20 Rawal anali m'sitolo ya a Tuladhar, ataika foniyo pamwamba pa mipukutu ya nsalu.

"Analowa awiri. Pachithunzi pali mmodzi. Winayo anali kuti?"

A Tuladhar anakankhira foniyo pambali. "Bwana, onse awiri anatisiya. Tiwasiye agone."

"Pali wamoyo amene sagona lero. Lankhulani."

"Ife tinatsogola ndi maluwa tsiku limenelo. Aphunzitsi anamva kupweteka pachifuwa pamalo opumira paja. Pamenepo foni siigwira, thandizo n'kutsika kuchipata, mphindi khumi ndi zisanu. A Madhu anawakhazika pamwala, iwo n'kukwera. Sanatiuze kanthu mpaka titadya maswiti. Potsika tinapeza atazizira."

"Akubanja akudziwa?"

"Tinagwirizana zoti tisanene. Koma Lamlungu, titapita kukapepesa maliro, ine ndi mkazi wanga tinakambako pang'ono panja, pafupi ndi windo. Chapansipansi, bwana."

Rawal anatola foni ija. Maganizo ake anali atabwerera kumudzi kwawo, chaka chimene bambo ake anamwalira. Anakumbukira lumo likudutsa pamutu pake, nsalu yoyera yosasoka, mapazi ozizira pa dothi, ndi mpunga wopanda mchere masiku khumi ndi atatu. Anadzitukwana chamumtima. Masiku ano ngakhale wopemphapempha ali ndi patapata. Amene amayenda wopanda nsapato, atavala zoyera, ndi mwana wamwamuna amene akukhala maliro a bambo ake.

Nyumba ya a Dhungana inagundana ndi mpanda wa nkhalango, mayadi makumi atatu kuchokera pachiboo cha omweta udzu. Anafikapo 5:25 madzulo. Mayi Yashoda, wamasiyeyo, anawalandira pakhonde atavala zoyera nawonso.

"Mwabwera kudzatipepesa, bwana? Lowani. Prabesh ali m'chipinda chapansi. Musamukhudze chonde, lero ndi tsiku lakhumi."

Prabesh, mwana wawo yekhayo, anakhala pakona pa mapesi a mpunga, kuseri kwa thabwa lomulekanitsa ndi anthu. Anali mwamuna wamtali wa zaka makumi atatu, wometa mpala, maso ofiira. Miyendo anaifunditsa bulangete ngakhale kunali kotentha. Pambali pake panali chithunzi cha bambo ake ndi kanyali.

"Mwatulukako lero?" anafunsa Rawal.

"Sangatuluke," mayiwo anayankha msanga. "Amangopita kumpopi kukasamba m'mawa, wansembe asanafike. Inu simudziwa mwambo?"

"Ndimaudziwa, amayi. Ndinaukhalapo." Anatembenukira kwa Prabesh. "Sindikukhudzani, achimwene. Ingochotsani bulangetelo nokha."

Prabesh anakoka bulangete. Kuyambira m'mapazi mpaka m'mawondo munali mabala ang'onoang'ono oposa makumi awiri, ena akuchuchabe. Mpendero wa nsalu yoyera unali wofiira.

"Kumpopi kwanu kulibe misundu," anatero Rawal.

Mayi Yashoda anatsamira khoma, n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Sindinapite kukapha munthu," Prabesh anayamba, mawu ali osasa. "Ndinamva a Tuladhar pawindopo. Masiku awiri ndakhala pano ndikuwayang'ana bambo pachithunzi. Anthu akubwera, akuti anafa mwamtendere, m'malo amene ankawakonda. Ndinangofuna kumva mawu awo omaliza, basi. Ndinadutsa pachiboo, ndinakawadikira a Pokhrel pamwala womwe uja."

"Anati chiyani?"

"Anadzidzimuka, kenako anandikalipira kuti ndaswa mwambo. Iwo, kundiphunzitsa mwambo ine! Ndinawafunsa kuti bambo anati chiyani. Anati, 'Anati ndiwaitanire galimoto yachipatala. Koma mwana wanga, zinali mphindi makumi anayi zokha, anthu ankandidikira ndi maluwa. Ndikanadziwa bwanji?' Zaka makumi atatu akuyenda limodzi, bwana. Ine anandinyamulapo pamapewa m'njira yomweyo."

"Kenako?"

"Anayang'ana wotchi. Ine ndikulira, iwo n'kuyang'ana wotchi. Anati, 'Khala pamwalapo upume, tikambirana ndikatsika.' Anatembenuka, anaponda sitepe yoyamba. Mwala ndinaupeza uli kale m'manja."

Sabitri ankalemba osadzutsa mutu.

"Misunduyo munazulira pomwepo," anatero Rawal. "Mchere unali pandodo yawo, pafupi ndi phazi lanu. Mukanaugwiritsa ntchito, bwenzi ine ndisali pano."

Prabesh anamuyang'ana modabwa. "Ndili pamaliro a bambo, bwana. Mchere ndingaukhudze bwanji?"

Rawal anafuna kuseka, koma sanathe. Anamva chisoni chenicheni, ndipo sanadziwe kuti akumvera ndani.

Mayi Yashoda anakwawa mpaka pamapazi a Rawal. "Bwana, masiku atatu okha. Sathawa, ndikulumbira. Mukamukhudza lero, zonse zimene wachita masiku khumi zagwa m'madzi. Amuna anga alibe mwana wina, alibe mchimwene. Mzimu wawo ukhala ukuzungulira m'nkhalango muja wopanda wouolotsa. Anafa okha pamwala, musawasiyenso okha kachiwiri."

Rawal anayang'ana kudenga. Akanatha kutuluka, kukauza bwana wamkulu kuti sanapeze kanthu, n'kubweranso Loweruka. Koma pofika Loweruka Sanumaya akanakhala atalowa kale m'kaundula wa ndende yaikulu, ndipo amene walowa m'kaundula ameneyo satuluka ndi pepani wa wapolisi.

"Amayi, kuchitokosi kuli mtsikana womweta udzu. Mwana wake wa miyezi isanu chiyamwire mbandakucha. Mawa m'mawa akumutumiza kundende chifukwa cha mwala umene sanaugwire."

"Ameneyo ndi wamoyo, adzatuluka! Wakufa adikira ndani?"

Prabesh ndiye anaimirira, mapesi akuyoyoka pansalu yake. Anagwada pamaso pa chithunzi, anagunditsa chipumi pansi, n'kudzukanso.

"Sindinadziwe kuti agwira munthu wina," anatero. "Mumutulutse. Koma bwana, inu munaukhalapo mwambowu. Tandiuzani, masiku atatu otsalawa amaliza ndani?"

Rawal anauza Sabitri kuti aimbe foni kupolisi, amuuze Sanumaya kuti avale patapata wake. Kenako analumpha thabwa lija n'kugwira Prabesh pamkono.

Linali dzanja loyamba kumukhudza m'masiku khumi. Mayi Yashoda analira mokweza, kuposa mmene analirira tsiku limene anatsitsa amuna awo m'phiri.