Anawasiya Atagona Chafufumimba

Nyumba ya a Enerst ku Kawale inkadziwika ndi nyimbo. Iwo anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo, akazi awo a Martha ankagulitsa tomato kumsika, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Ephraim, ankaimba besi mukwaya. Ine nyumba yanga inagundana ndi yawo, ndipo kunena zoona ndinkawasirira.

Mu 2007 a Enerst anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mtima unafooka, mimba ndi miyendo zinatupa. Chifukwa chogona chagada nthawi yaitali, kumsana kunatuluka zilonda. Tsiku lotuluka m'chipatala namwino anaitanira Ephraim pambali.

"Masana aliwonse uziwagoneka chafufumimba, utsuke zilondazi, upake mankhwala. Koma mphindi zisanu zokha, wamva? Mimba yotupayi ikapanikizika imatsina mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima, ndipo chifuwa sichifutukuka bwino. Munthu wamphamvu amatembenuka yekha. Awa sangathe."

Miyezi iwiri mnyamatayo anagwira ntchitoyi mokhulupirika, mpaka amayi a mumpingo ankamutchula polangiza ana awo.

Kenaka kunatulukira Lonely, mnzake wakusukulu amene ankaitanira maminibasi ku Biwi, matumba atadzaza timasacheti ta mowa.

"Aise, wasanduka nesi? Anzako tikudya moyo, iwe ukungonunkha mankhwala. Talawa aka."

Sacheti yoyamba inamutsokomoletsa. Pofika sabata yachitatu ankaiboola ndi mano ngati katswiri. Kukwaya anasiya, ati mawu aphwa.

"Ephraim, m'kamwa mwakomo mukununkha chiyani?" anafunsa a Martha tsiku lina. "Ine ndimachoka pano mtima uli m'malo chifukwa cha iwe. Bambo akowa alibe manja ena."

"Amayi, inu mumangodandaula zilizonse."

Lachinayi lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Ephraim anatembenuza bambo ake nayamba kutsuka zilonda. Kumpanda kunamveka mluzu wa Lonely.

"Fulumira! Pakona pali mpikisano wa pulu, zakumwa ndagula kale."

"Tadikira, madala ndawagoneka chafufumimba."

"Asiye zilondazo zipitidwe mphepo. Gemu imodzi basi."

Ephraim anaika beseni pansi. "Ababa, ndikubwera pompano."

Dzanja lamanzere la a Enerst, lokhalo lamoyo, linagwira buluku lake. "Mwanawe... ndibweze," anatero ndi lilime lolemera. Mnyamatayo anachotsa zalazo chimodzichimodzi natuluka.

Gemu imodzi ija inabala ina, sacheti inaitana inzake.

Ine ndinali kuchapa kuseri. Ndinamva kugogoda kwa thabwa, go, go, go, ndipo ndinati Ephraim watenga hamala ya bambo ake, akukonza bedi. Kugogodako kunayamba kutalikirana, kenaka kunaleka. Sindinapite kukaona. Mpaka lero zimandiwawa.

A Martha anafika cha m'ma folo koloko. Kukuwa kwawo kunatitulutsa tonse m'nyumba. Tinawapeza a Enerst nkhope ili m'pilo, yotupa ndi yakuda bii, thupi litayamba kuzizira. Mfundo za zala zakumanzere zinali zitasupuka ndi kumenya thabwa la bedi. Beseni linali pompo, kansalu kakuyandama.

Ephraim anatulukira akudzandira, akuimba. Ataona amayi atadzaza pakhonde, mowa wonse unamuthera. Anakwawa mpaka pamapazi a mayi ake.

A Martha sanamumenye, sanamutukwane. Anangomuyang'ana, misozi ikutsika.

"Zilonda unatsuka bwino, mwana wanga. Kunangotsala kuwabweza."

Mowa anausiya tsiku lomwelo, ndipo kutchalitchi anabwerera. Amakhala kumbuyo, ndipo kwaya ikaimba iye amangoweramitsa mutu. Mulungu amakhululuka, koma a Enerst ali kumanda.

Achinyamata inu, ndikuuzeni mosabisa: mowa udzakuuzani kuti muchoke pang'ono chabe, ndipo mudzaukhulupirira. Ngati moyo wa munthu uli m'manja mwanu, musachoke. Kwa Ephraim kunkangofunika mphindi imodzi yotembenuza bambo ake, ndipo anaipereka kwa Lonely.